Mwamuna Woyamba wa Evanthia

Tsiku limenelo ndinaweruka msanga. Ndinasesa utuchi, ndinapachika sowo pamsomali pake, n'kukwera kunyumba kukasintha malaya. Madzulo ake kunali msonkhano wa mudzi wonse kwa Zafiri, kumene timamwera khofi.

Mkazi wanga Evanthia ndinamupeza pakhonde akusankha timiyala m'mphodza. Sanadzutse mutu.

"Usakachulutse gaga m'diwa kumeneko," anatero. "Iwe ukangolawa mowa wa uzo umasanduka loya."

"Iwe supita?"

"Miyendo. Udzandiuza pobwera."

Miyendo yake inalibe vuto lililonse. Mkazi ameneyu ankatsika kunyanja n'kukweranso atasenza dengu, ine ndikupumira m'mwamba kumbuyo kwake. Sanafune kuti anthu azikamuyang'ana kumaso nkhani ya mwamuna wake woyamba ikamakambidwa, basi.

Ine ndine Thrasos, mmisiri wa matabwa. Zitseko ndimapanga, mipando ndimapanga, koma chimene chandidyetsa moyo wonse ndi mabokosi a mafupa. Pachilumba pathu pano dothi ndi lochepa, kwina konse ndi mwala, ndiye manda timabwerekana. Munthu akagona zaka zingapo timamufukula, amayi amatsuka mafupa ake ndi vinyo, n'kuwaika m'kabokosi kokasanja m'kanyumba ka kuseri kwa tchalitchi. Mwamuna ndi mkazi wake amalowa bokosi limodzi ngati ankakondana, kapena ngati ana awo ndi oumira. Ndalowetsamo maanja ambiri, ena oti ali moyo sankapatsana ndi moni womwe.

Evanthia sindine ndinayamba kumukwatira. Woyamba anali Argiri, mnyamata wa m'sitima yankhondo. Anakhala m'banja miyezi yowerengeka, nkhondo ili mkati. M'mawa wina ndege zinaipeza sitimayo ikudutsa kuseri kwa thanthwe lija timati Mano a Galu, mudzi wonse ukuona. Inamira ndi anthu ake, ambiri a iwo ana a pachilumba pomwe pano. Ine kunkhondo sananditenge chifukwa cha phazi langa lopotokali. Ndinatsala, ndinadikira, ndipo Evanthia atavula zakuda ndinamutumizira anthu.

Tinakhala limodzi zaka zoposa makumi anayi. Anandiberekera ana aakazi awiri, onse anakwatiwa kunja. Sanandilakwirepo. Koma chithunzi cha Argiri sichinachoke pakhoma, pambali pa zithunzi za oyera mtima, ndipo kanyali kake sikanasowepo mafuta, ngakhale chaka chija azitona anakana. Chaka ndi chaka ankawiritsa tirigu wa akufa, wothira shuga ndi makangaza, n'kukamumwaza panyanja. Wotsala m'mbale ndi amene ndinkadya ine.

Nsanje ndinali nayo, ndipo sindibisa. Mnzako wolimbirana naye mkazi akakhala wamoyo, umangofatsa. Adzatuluka chimimba, mano adzaguluka, adzayamba kuliza mkonono, mkaziyo adzaona yekha. Nanga wakufa ungamutani? Ine dazi linandiyamba ndikadali mnyamata. Iye tsitsi lake lili bwinobwino mpaka lero, lopesedwa cham'mbali, akundiyang'ana ndikudya, akundiyang'ana ndikuvula nsapato.

Chilimwe chimenecho kunabwera boti la boma ndi akatswiri olowa pansi pa nyanja. Anaipeza sitima ija itagona cham'mbali, yathunthu, anthu ake ali momwemo. Ndiye panabuka funso. Aivuule, mafupa aperekedwe kwa eni ake, kapena aisiye pomwepo ikhale manda? Akuluakulu a boma kulikulu ku Atene anati poti ana ambiriwo ndi anu, nenani ndinu.

Sabata yomweyo Evanthia anabwera kushedi kwanga, chinthu chimene sankachita chifukwa utuchi unkamuputa chifuwa. Anaima pakhomo akupukuta manja pa epuloni.

"Thrasos, bokosi langa upangiretu ukadali ndi maso. La mkungudza. Upange la awiri."

Mtima wanga unachita kuti myaa. Nkhalamba yonseyi ndinasekerera ngati mwana woti wapatsidwa switi.

"Akamuvuula Argiri adzasowa pokhala," anapitiriza. "Kwawo adatha onse."

"Nanga ine?"

"Iwe si uli ndi amayi ako? Bokosi lawo lija unalipanga lalikulu."

Ananena wopanda mangawa, ngati akugawa nsomba pagome. Ndicho chinandipweteka koposa. Ndiye kuti zaka zonsezi ine ndinali galu wogona pampando wa bwana, kuufunditsa mpaka mwini wake abwere. Atachoka ndinakhala pabenchi nthawi yaitali, nyundo ili m'manja. Ndinalumbira kuti Argiri m'madzimo satulukamo. Malo a m'bokosimo ndi anga.

Madzulo a msonkhanowo kwa Zafiri kunadzaza. Ena anaima panja akusuzumira pawindo. Kaputeni wa boti la boma anafotokoza zimene anaona pansipo, wansembe wathu anapemphera, kenako anthu anayamba kulankhula. Amene anagwedeza nyumba ndi mayi Stamatia, amene mlongo wawo anali m'sitimamo. Anaimirira atagwira ndodo ndi manja onse.

"Ine ndikufuna mlongo wanga," anatero. "Amayi anamwalira akuyang'ana kunyanja, maso awo anakana kutsekeka. Ndikufuna ndimutsuke ndi manja angawa ndisanafe. Munthu si nsomba. Munthu amagona pamene abale ake angamuyatsire nyali."

Mitu inayamba kugwedezeka. Ndinaona kuti nkhani ikupita, ndipo ikupita ndi mkazi wanga yemwe. Ndinamwa uzo wanga kamodzi n'kamodzi, ndinaimirira. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine Mulungu nkhope anandimana, phazi anandimana, koma pakamwa anandipatsa.

"Abale," ndinatero, "ine ndagwira mafupa a makolo anu nonse muno. Ndikudziwa mmene amakhalira. A m'madziwo asakanikirana kalekale. Mudzatsuka mutu wa mlongo wanu, mayi Stamatia, pamodzi ndi mwendo wa mwana wa eni wa kutali. Anyamatawa anadyera limodzi, anafera limodzi, agona limodzi nthawi yonseyi. Ife ndife yani kuti tikawapatule ndi zitsulo? Nanga sitimayo akaivuula ikupita kuti? Akaiika mumzinda, alendo azikaijambula uku akunyambita ayisikilimu. Manda ndi manda, kaya pamwamba pali dothi kaya pali madzi. Asiyeni ana agone."

Ndinalankhula zambiri kuposa apa. Ndinachita kudzigwetsa misozi ndekha. Amayi anali kupukuta m'maso ndi mipango, amuna akuyang'ana pansi. Pokweza manja, ndi wansembe yemwe anakweza ndi ine. Kaputeni anati atumiza mawuwo pawailesi usiku womwewo, ndipo kuyambira mawa lake palibe adzalowenso m'sitimamo.

Mayi Stamatia potuluka anaima pamaso panga.

"Wandilanda mlongo wanga kachiwiri, Thrasos. Mulungu akuona chimene waimirira."

 Ndinapita kwa Zafiri kuti andithirirenso. Zafiri ndi kumbare wanga, kutanthauza mboni imene inatigwirira nkhata zamaluwa pamitu paukwati wathu, ndipo amandidziwa ngati thumba lake.

"Kumbare," anatero chapansipansi, "sindimadziwa kuti Argiri umamukonda chonchi. Ulalikiwu unali wa akufa onse kapena wa mmodzi?"

"Thira, usiye miseche."

"Ndikuthira. Kungoti wadazi akamalirira watsitsi, ine ndimadabwa."

Ndinachoka anthu ambiri atapita kale. Mwezi kunalibe. Njira yakwathu imachoka padoko n'kukwera masitepe amiyala pakati pa nyumba, kenako imalowa m'minda ya azitona. Ndaiyenda moyo wanga wonse, sindifuna tochi. Ndinali wokondwa. Ndinkaimba kanyimbo ka m'mphuno.

Choyamba chinali fungo. Ndinali nditakwera kale, nyanja ili kumunsi, koma kunanunkha ngati pansi pa boti lakale. Ndere, dzimbiri, mafuta a injini. Ndinati mwina wina wataya ukonde wowola.

Kenako phazi linaterera. Ndinagwira pansi. Mwala unali wonyowa, chonsecho kuno chilimwe mvula sigwa. Ndinalawa chala. Mchere.

Sitepe lotsatira linali lonyowanso. Linalo chimodzimodzi. Sanali madzi otayika, chifukwa otayika amayenderera kutsika. Awa anali apa ndi apo, kumanja, kumanzere, ndipo ankakwera.

Ndinasiya kuimba. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti ndinkaimba ndekha. Nyenje zinali zii. Galu wa pa nyumba yomaliza, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, ndinamuona atadzipanikiza pansi pa benchi, mchira uli m'mimba.

Ndinamva nsapato. Zinali kutsogolo, osati kumbuyo. Nsapato zodzaza madzi, chwa, chwa, chwa, mosafulumira.

Pamene mitengo imapatuka ndinamuona. Wamtali, kachipewa koyera, kolala yotambalala kumsana. Ankakwera mmene amakwerera anyamata, kulumpha sitepe lina, manja ali m'matumba. Ndikuuzeni zoona, mantha anabwera pambuyo. Choyamba unali mkwiyo, poona mmene ankakwerera phiri limene ine limandithetsa mpweya.

"Iwe! Ndani?"

Sanacheuke.

Kumtundako njira imagawika. Pali msewu umene anatilambulira nkhondo itatha, ndiye pali kanjira kakale kamene kanamera minga, koti ndi mbuzi zomwe sizidutsamo. Iye analowa kanjira kakaleko osaima n'komwe, ngati anadutsamo dzulo. Minga sinalire. Ine ndinathamangira kumsewu, ndikukoka phazi langa, kuti ndikafike ndine poyamba. Mantha anali atafika tsopano, koma ndinkathamangira komwe iye ankapita.

Nyumba yathu ndi ya Evanthia, anamusiyira amayi ake monga mwa mwambo wathu. Nditalowamo ine, ntchito yanga yoyamba inali kutseka khomo loyang'ana kunyanja, lija ankalowera Argiri. Ndinalitseka ndi miyala n'kuboola lina kumbali ya phiri. Ndinati ndi chifukwa cha mphepo. Mkatimo, pamene panali khomolo, ndinaikapo mashelefu pakhala kabati ya mbale. Kunjako timapaka laimu chaka chilichonse, moti ndi ana athu omwe sadziwa kuti panali khomo.

Ndinamupeza ataima pomwepo. Anali atayang'ana khoma loyera, lopanda kanthu. Anatulutsa dzanja m'thumba n'kugogoda.

Go, go, go.

Khomalo ndi lamiyala, ndinamanga ndi manja anga. Koma linalira thabwa. Linalira chitseko chimene ndinachiwaza nkhuni kalekale.

M'nyumbamo munthu anaseka. Kuseka kwa mtsikana, kwapansipansi, kobisa kukamwa ndi dzanja. Evanthia ndinamumva akuseka kambirimbiri pa moyo wanga, koma kuseka kumeneko sanandisekerepo ine.

Munthu uja anatembenuka. Ndinkayembekeza zoopsa, nkhope yodyedwa ndi nsomba, maso opanda kanthu. Bwenzi zili bwino. Anali yemwe uja wa pachithunzi, khungu losalala, tsitsi lopesedwa cham'mbali, madzi akudontha pachibwano. Anavula chipewa mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, barba?"

Barba! Ine! Mawu amene anyamata amapatsira moni nkhalamba iliyonse ya m'njira. Tinabadwa chaka chimodzi ine ndi iyeyu, kusukulu tinkakhala benchi limodzi, ankakopera masamu kwa ine.

"Argiri," ndinatero, "bwerera. Kuno kulibe chako."

"Ndikubwerera, barba." Mawu ake ankamveka ngati a munthu wolankhulira mumtsuko. "Ndimati ndikuthokozeni. Mwatilankhulira bwino."

Anavala chipewa, anakhota pangodya ya nyumba. Mmene ndinkafika pangodyapo panalibe munthu. Panali dothi lonyowa ndi fungo lija.

Ndinalowa m'nyumba ngati mphepo. Evanthia anali atakhala pabedi, nyali ikuyaka, akupesa tsitsi. Anali atalimasula lonse, loyera mbuu, lofika m'chiuno. Iye tsitsi ankalimasula posamba pokha.

"Wamva kugogoda?" ndinafunsa.

"Zatha bwanji kumsonkhano?"

"Amusiya. Mudzi wonse wagwirizana."

"Mudzi wonse," anatero, chipeso chikutsika. "Walankhula ndiwe."

"Wakuuza ndani?"

 Anapesa, anapesa. Kenako anaika chipeso pamwendo n'kundiyang'ana, osati mokwiya.

"Akanabwera naye kuno, Thrasos, ndikanamutsuka. Ndikanamugwira m'manjamu n'kuona kuti ndi mafupa ngati ena onse. Ndikanamuika m'bokosi, iwe n'kukhoma. Mwina ndikanapuma."

Pakamwa panga, paja panagwetsa mudzi misozi, panauma gwa. Zimenezi sindinaziganizepo. Zitatero ndinachita zimene amachita munthu wogonja, ndinakweza mawu.

"Wakudyetsa ndani zaka zonsezi? Utadwala chibayo anagona pansi apa ndani? Denga ili analikonza ndani? Iye anakupatsa chiyani? Miyezi! Miyezi ndi chithunzi!"

"Wandisunga bwino. Sindinakanepo."

"Ndiye?"

"Ndiye ukufuna ndinene chiyani, mdala?"

Ndinkafuna anene chinthu chimodzi chokha, ngakhale chabodza. Sananene. Anatenganso chipeso.

"Gona," anatero. "Ukununkha uzo."

Sindinagone pabedi. Ndinatseka mawindo onse ndi zotsekera zake, ndinakiya chitseko, kiyi ndinaika m'thumba la buluku. Ndinakoka mpando n'kuutsamiritsa kuchitseko, ndinakhalapo, nyundo ili pamiyendo. Nyundo, yomenyera munthu wakufa kale! Koma nsanje ilibe nzeru. Ndinati aliyense wolowa kapena wotuluka adutsa pa ine.

Anazimitsa nyali yaikulu. Kunatsala kanyali ka pachithunzi kaja. Mumdimamo ndinkamvabe chipeso. Panja panali zii, ndi nyanja yomwe sinkamveka. Nthawi ina ndinamva fungo lija likulowa pansi pa chitseko, ndinagwiritsa nyundo. Palibe anagogoda.

Kenako ndinamva mbale. Pang'onopang'ono, ngati munthu akuzisanja mosamala kuti asadzutse mnzake. Ndinati mumtima, mkazi uyu akutsuka mbale usiku uno? Ndinafuna kudzuka. Thupi linali lolemera ngati ndamira. Uzo uja ndi ukalamba zinandigwira pamodzi, maso anatsekeka.

Ndinadzidzimuka kuwala kukulowa m'ming'alu ya mawindo. Mpando unali pomwe ndinauika. Kiyi anali m'thumba. Mawindo anali otseka, zokowera zake zili mkati.

Bedi linali loyalidwa bwino. Munalibe munthu.

Patebulo panali mbale zonse za m'kabati ija, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba. Makapu anali ovundikiridwa pansalu. Mashelefu anali atachotsedwa limodzilimodzi n'kuimikidwa pambali. Mkazi ameneyu ngakhale pochoka sanafune kuswa mbale.

Ndinapita pamene panali kabatiyo. Khoma linali lathunthu, lopanda mng'alu. Ndinaligwira ndi chikhatho. Linali lonyowa kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo kunyowako kunathera ndendende m'malire a khomo lakale. Usiku wonse ndinalonda chitseko changa, ndinaiwala kuti nyumbayo inali ndi cha mwini.

Ndinatsika kudzera kanjira kakale kaja. Minga inanding'amba buluku ndi miyendo yomwe, sindinamve. Ndinkaitana dzina lake, mbuzi zokha n'kumandiyankha. Pathanthwe la Mano a Galu ndinapeza nsapato zake zitaikidwa mogundizana. Mpango wake unali wopindidwa bwino, atautsindika ndi mwala kuti usauluke.

Msodzi wina amene ankabwera kuchokera kokaonjola anandiuza kuti m'bandakucha anaona anthu awiri pathanthwepo. Anayesa ndi alendo achikondi aja amabwera chilimwe. Anati mkaziyo anali atakolowekana mkono ndi mwamunayo, ndipo ankayenda ngati mtsikana. Atanena zimenezo anaona nkhope yanga, anayamba kukonza ukonde umene unalibe vuto.

Maboti onse a m'mudzi anatuluka. A boma nawo anathandiza, sindingawanamizire. Anthu awo analowa m'madzi, anazungulira thanthwe, anazungulira sitimayo kunja kwake konse. Sanapeze kanthu. Madzulo a tsiku lachiwiri ndinakwera boti lawo ndekha n'kumugwira kaputeni mkono.

"Lowani mkati. Ali mkatimo."

"Barba, munthu sangafike kumene kuja wopanda mpweya. Ndi pakuya."

"Ndikuti lowani!"

"Sitingathe. Lamulo latuluka kale, amenewo ndi manda tsopano. Wolowamo amangidwa, ndi ine ndemwe." Anandigwira paphewa, munthu wabwino ndithu. "Mawu anu aja ndinawatumiza mmene munawanenera. Akuluakulu awakonda kwambiri."

Patapita milungu ingapo anabwera kudzaika chizindikiro choyandama pamwamba pa sitimayo, chachikasu, chooneka uli pakhonde pathu. Wansembe anapita pa boti kukapadalitsa. Anandipempha kuti ndikalankhulenso, ndinakana.

Anthu amanena zambiri. Ana anga atabwera anati amayi mutu unali utayamba kusokonekera, ife sitinaone. Dokotala anati okalamba ena amayenda ali m'tulo. Za kiyi ndi mbale akuti ndinali nditaledzera, ndinatsegula ndekha n'kuiwala. Koma amayi a m'mudzi akakumana pa uvuni wa buledi satchula dokotala. Amati mwamuna ukamukaniza kubwera kwa mkazi wake, amamuitanitsa. Mayi Stamatia akandiona amadzilemba mtanda n'kuwolokera mbali ina ya msewu.

Nyengo yozizira yonse ndinayenda khomo ndi khomo. Ndinkati abale, tinalakwitsa, tiyeni tikwezenso manja, aivuule sitimayo. Ankandipatsa khofi, ankandimvera chisoni, koma yankho linali limodzi.

"Ayi, Thrasos. Iwe unatitsegula maso tsiku lija. Asiye ana agone."

Mawu anga omwe, m'kamwa mwa aliyense. Choipa chitsata mwini.

Chimene chimandidya si imfa yake. Tonse tidzafa, ndipo ine imfa ndagwira nayo ntchito moyo wonse. Akanafera pabedi bwenzi ndikumuyatsira nyali, ndikudikira tsiku langa mwamtendere. Chimene chimandidya ndi chakuti sindikudziwa ngati kumeneko ali nkhalamba kapena mtsikana. Ndikaganiza kuseka kuja, chakudya chimandikanika.

Chilimwe chotsatira, madzulo ena, Zafiri anakwera kwathu. Anabwera ndi Vangeli, bambo wosaka siponji pansi pa nyanja, amene mudzi wonse umadziwa kuti amalowa m'sitimamo mobisa kukalasa nsomba zikuluzikulu zimene zimabisalamo. Lamulo kapena ayi, iye ana ake amadya. Anakhala pakhonde chipewa chili m'manja, khofi osamukhudza.

"Muuze zija unandiuza ine," anatero Zafiri.

Vangeli anasendera pafupi nane.

"Barba, ine m'sitimamo ndayendamo zaka zambiri, a boma asanabwere n'komwe. Sindikhudza kanthu, akufawo ndimawapatsa moni n'kudutsa. Pansi, kupitirira pogona anyamata, pali kachipinda kena. Chitseko chake chakhala chotsegula chiyambire. Dzimbiri linachigwira. Tinayesapo kuchisuntha amuna awiri, sichinagwedezeke."

"Ndiye?"

"Chaka chino ndapitako koyamba sabata yatha. Ndi chotseka."

"Madzi anachikankha."

"Ndinayesa chogwirira, barba. Anatsekera mkati."

 Kumunsi chizindikiro chachikasu chija chinkakwera ndi kutsika pamafunde. Nsanje inandigwira, yomwe ija ya kale, ngati ndine mnyamata woti wapeza njinga ya mnzake pakhomo pa bwenzi lake.

"Unagogoda?" ndinafunsa.

"Ndigogode? Ine? Ndinathawa, mpweya wonse ndinatsala pang'ono kuumaliza."

"Ukapitanso ukagogode. Ukagogode mwamphamvu. Ukamuuze kuti zakwana, abwere kunyumba. Ukati mwamuna wake akumufuna."

Vangeli anayang'ana Zafiri. Zafiri anayang'ana pansi. Vangeli anapotokola chipewa chake, kenako anafunsa mwaulemu, ngati munthu wofuna kutumika bwino.

"Nanga akandifunsa kuti uti, barba, ndikati chiyani?"

Zafiri amaseka chilichonse, ndi pamaliro pomwe. Tsiku limenelo sanaseke.